Mbande ya Mango a Esime

Lachiwiri, 26 Novembala

Andigoneka mu wodi ya amuna, bedi la pafupi ndi zenera. Phazi lamanzere latupa, bala la pa chala chaching'ono likutuluka mafinya. Ndinaponda chitsa m'munda wa chinangwa mwezi watha, ndinkangomanga kansalu. Shuga 412. Adokotala anayang'ana nambalayo, kenako anayang'ana ine. Andiika kanula, kachubu kolowetsera mankhwala mumtsempha, kudzanja lamanja. Jakisoni wopha tizilombo kamodzi pa tsiku, insulini m'mawa ndi madzulo.

Wandibweretsa ndi Febby, mwana wanga. Amagulitsa mafoni m'sitolo ina pano pa boma. Wandigulira kope ili kuti ndizilembamo manambala a shuga. Ndizilembamo ndi zina.

Kukutentha kwambiri. Mitambo yayamba kuunjikana kumapiri.

Lachitatu, 27 Novembala

Shuga 350. Atsuka bala. Anesi Ireen ali ndi dzanja lofewa koma mankhwala awo amaluma.

Bedi loyandikana nane pali Che Nasri, a ku Mangochi, ali ndi golosale pamsika. Anagwa pa njinga yamoto ya kabaza, mwendo wamanja unathyoka. Aumangirira ku chitsulo, kumapazi kukulendewera chigubu cha madzi. Sangatembenuke, ndiye mphamvu zonse zapita kukamwa.

"Akulu, mwabwera ndi chiyani?"

"Phazi lamanzere."

"Ine mwendo wamanja. Akatisoka pamodzi atulutsa munthu mmodzi woyenda bwino. Dzina?"

"Zebedee."

"Che Zebedee. Mayi abwera nthawi yanji?"

Ndinawauza kuti mayi anatisiya mu Febuluwale. Anati pepani.

Lachisanu, 29 Novembala

Shuga 296. Kutupa sikukutsika. Andijambula phazi.

Mawa ndi Loweruka, miyendo ikudziwa. Loweruka lililonse ndimapalasa njinga kupita ku nazale ya Mayi Latifa ku Mlare, kuseri kwa magolosale. Tinayamba ndi Esime, mkazi wanga. Iye ankapita ngakhale wopanda chogula. Nthawi yozizira kumakhala mbande za tomato, mpiru ndi anyezi, amayi a kudimba akukangana ndi Mayi Latifa za mizu. Dzuwa likakula amafolera shedi ndi udzu watsopano, pansi pamakhala ponyowa, ukalowa thukuta limauma lokha. Mvula ikayandikira machubu a mitengo amafoledwa panja: mango, mapeyala, malalanje, mbawa. Esime ankayenda m'mizeremo manja kumbuyo ngati woyendera sukulu. Ine ndinkakhala pa benchi.

Pakhomo pathu panali mtengo wa mango umene iye anabwera nawo kuchokera kwawo titangokwatirana. Mango ake aakulu, opanda ulusi. Unagwa ndi mphepo ya mu Epulo, mwini wake atapita kale. Tsiku lomwelo ndinadula timitengo ta kunsonga ndi kupita nato kwa Mayi Latifa. Anatimezanitsa pa mbande za mango wamba. Inagwira imodzi yokha. Ili mu chidebe chakale cha penti, pakona pafupi ndi mgolo wa madzi. Padziko lonse mtengo wa Esime watsala pamenepo.

Sindinaione chiyambire kutupa phazili.

Loweruka, 30 Novembala

Shuga 310. Ndakhala ndikutembenuka tsiku lonse. Che Nasri anandifunsa ngati pabedi pali nsikidzi. Ndinawafotokozera za mbande. Sindikudziwa chifukwa chake ndinauza mlendo zimene sindinauze wina aliyense. Mwina chifukwa sangathawe.

Akazi a Che Nasri, Mayi Aziza, anabwera ndi mpunga ndi usipa wotendera, anandigawira. Anesi anati mpungawo ndichepetse.

Lamulungu, 1 Disembala

Mvula yoyamba. Inabwera masana ndi mphepo, fungo la dothi linalowa mu wodi. Odwala amene angathe kuima anapita pa mazenera.

Ndinaimbira Mayi Latifa. Ali ku Mangochi kuyambira mu Okutobala, amayi awo akudwala. Ine sindinkadziwa. Nazale anasiyira mlamu wawo Shafiki, amene ntchito yake ndi kugulitsa nsapato.

"A Zebedee, mwachita bwino kuimba. Lachinayi kukubwera lole ya bungwe lina lobzala mitengo, atenga zomezanitsa zonse. Ndamuuza Shafiki za yanu, koma munthu uja sasiyanitsa mango ndi mapeyala. Katengeni."

"Ndili m'chipatala, mayi."

"Ndiye tumani munthu. Musadalire Shafiki, ndikukuuzani."

Shuga wa madzulo 334. Chakudya chandikanika.

Lolemba, 2 Disembala

Ndinapempha adokotala andilole tsiku limodzi lokha. Ndikwera minibasi, ndibwera madzulo. Anandionetsa chithunzi cha phazi pa kuwala kwa zenera. Matenda alowa m'fupa la chala. Chalacho achichotsa mawa.

"Bambo, mukakaponda matope ndi phazi ili, tidzakambirana za bondo, osati chala."

Atachoka ndinayang'ana pansi pa bedi pamene pali nsapato zanga. Che Nasri anandiona.

"Mukatuluka ndikuwa. Ndili ndi mawu aakulu, mwandimva kale."

Febby anabwera masana ndi mbalagha, nthochi zophika ndi nyama. Ndinamuuza kuti ku Mlare kwa Mayi Latifa kuli mbande yanga ya mango mu chidebe cha penti, akaitenge lisanafike Lachinayi.

"Adada, akukudulani chala mawa, inu mukuganiza za mitengo?"

"Ukaitenge basi."

"Chabwino, ndipita Lachitatu."

Timalankhulana choncho, mwachidule, chimwalirire amayi ake. Febby anali ku Mzuzu nthawi imene mtengo unagwa. Dzina la Esime tikalitchula timayamba kuyang'ana kumbali, ndiye tinasiya kulitchula.

Lachiwiri, 3 Disembala

Ku fiyeta m'mawa. Jakisoni wa pamsana. Ndinamva akukoka, ululu ayi.

Lachitatu, 4 Disembala

Ululu wafika. Shuga 270. Diripi. Ndikumva kuyabwa pa chala chimene palibe.

Febby watumiza uthenga: waitenga, ili kwake.

Ndagona masana onse.

Lachinayi, 5 Disembala

Shuga 244. Ndilembe mwadongosolo.

Febby anabwera masana akumwetulira, zimene sindinazione kwa nthawi yaitali. Anatulutsa foni.

"Adada, onani mmene ndaikonzera. Inali ndi nthambi ziwiri. Ina yopindika, masamba achikasu, m'munsi muli chotupa ngati bondo. Ndinaona kuti ndi matenda, ndadula. Ndasiya iyi yonenepayi. Taonani kubiriwira kwake."

Ndinayang'ana. Chotupa chimene ankanenacho ndi pamene Mayi Latifa analumikiza. Nthambi yopindikayo ndiye inali ya Esime. Yonenepayo ndi mphukira ya mango wamba, yotuluka pansi pa cholumikizira. Mphukira zotere zimafunika kuzibudula zikangooneka, apo ayi zimalanda chakudya chonse. Mayi Latifa kunalibe, ine kunalibe, inakula mwaufulu. Aliyense wosadziwa akanadula chimodzimodzi.

Ndinamuthokoza, "Yewo, mwana wanga." Ndinamubwezera foni ndi kutembenukira kukhoma.

"Adada, bala likupweteka?"

"Pang'ono."

Che Nasri anapempha kuona chithunzicho. Bambo awo anali ndi munda wa zipatso, zimenezi amazidziwa. Ndinawamva akupuma mwamphamvu.

"Che Zebedee, mumuuza inu kapena ndimuuze ine?"

Sanandidikire. Anamuuza Febby okha.

"Mwanangu, chimene wadulacho ndi mtengo wa amayi ako. Uja unagwa uja. Bambo akowa anapulumutsa kamodzi kokha. Chatsalachi ndi mango a ulusi, ogenda ana pamsewu."

Febby anakhala pansi pa simenti. Anandifunsa m'Chitumbuka, motsitsa mawu, chifukwa chiyani sindinamuuze. Kenako anafunsa ngati nthambi yodulidwa ingabwererenso.

Ndinatembenuka. "Wadula liti?"

"Dzulo madzulo."

"Unataya kuti?"

"Kudzala, kuseri kwa nyumba."

Usiku kunagwa mvula, ndipo lero dzuwa silinatuluke. Ndinamuuza kuti ngati mbuzi sizinaipeze, aikulunge mu nsalu yonyowa, asaiike m'madzi. Anathamanga, kusiya chikwama ndi kontena ya chakudya pabedi.

"Inu akulu," anatero Che Nasri, "pakamwa panu mumasungira alendo?"

Madzulo anabwera nayo mu chitenje chonyowa. Yaitali ngati mkono wa mwana. Ndinakanda khungwa ndi chikhadabo. Mkati mudakali mobiriwira.

Lachisanu, 6 Disembala

Shuga 230. Bala atsuka, akuti ndi loyera.

Febby anapempha tchuthi, analawirira ku Mlare. Lole inatenga zomezanitsa zonse dzulo, ndi pakona paja pomwe inasesa. Mbande za mango wamba anazisiya. Anabwera nazo ziwiri, pamodzi ndi chidebe cha penti, lezala latsopano, pepala la pulasitiki la shuga lomangira ndi timapepala ta mafirizesi.

Anesi Ireen poyamba anakana. "Muno ndi m'chipatala, bambo, si ku zaulimi." Febby anawatengera pambali. Sindikudziwa anawauza chiyani. Anabwera ndi njinga ya odwala, kundikankhira pakhonde, phazi pa mpando. Anatipatsanso thonje la sipiriti lopukutira lezala.

Ndinayesa kugwira lezala ndekha. Maso akuona ziwiriziwiri. Ndinampatsa Febby.

Sindinamezanitsepo chibadwire. Ndangoonerera Mayi Latifa zaka zambiri ndili pa benchi. Ndinanena zimene ndinaona. Chotsa masamba onse. Dula nthambi patatu, kachidutswa kalikonse kakhale ndi maso. Dula mutu wa mbande, ng'amba tsinde pakati pang'ono. Songola kachidutswa mbali ziwiri ngati nkhwangwa, kamodzi kokha mbali iliyonse, usapale. Posongolapo usagwire ndi chala. Lowetsa, khungwa likumane ndi khungwa ngakhale mbali imodzi. Manga kuyambira pansi kukwera, kolimba. Vindikira ndi kapepala ka firizesi.

Koyamba lezala linaterereka, kachidutswa kanafupika. Febby anatukwana, kenako anandiyang'ana. Ndinachita ngati sindinamve. Kachiwiri kanalowa bwino. Kachitatu tinakaika pa mphukira yonenepa ija, mu chidebe chake chomwe.

Che Nasri ankakuwa ali mkati. "Opaleshoni ikuyenda bwanji kumeneko? Wodwala akupuma?"

"Khalani chete, ankolo, dokotala akunjenjemera," anatero Febby.

Titamaliza anapukuta manja pa siketi. Anati amayi ake ankamusungira mango a nthambi ya kumwamba akamabwera ku holide, ankawabisa mu dengu la ufa kuti ine ndisawaone. Ine sindinkadziwa. Tinaseka pang'ono. Ndi nthawi yoyamba.

Zifunika mthunzi wabwino. Mawa Febby azibweza ku shedi ya ku Mlare. Kwake kuli mbuzi za eni nyumba.

Lolemba, 9 Disembala

Thupi latentha, 38.9. Asintha jakisoni, tsopano katatu pa tsiku. Kanula waikidwa kudzanja lina.

Lachitatu, 11 Disembala

Kutentha kwatsika. Shuga 205. Mutu wopepuka.

Kudikira phazi ndi kudikira mbande, sindikudziwa chovuta kwambiri ndi chiti. Phazi amalitsegula m'mawa uliwonse, ndimaliona. Zinazo zili kutali, zovindikiridwa.

Loweruka, 14 Disembala

Shuga 188. Andiyambitsa kuyenda ndi ndodo ziwiri, kuponda ndi chidendene chokha. Ndafika pakhomo la wodi ndi kubwerera, thukuta thupi lonse.

Febby anachokera ku Mlare. Koyamba kaja kada, kauma. Sindinadabwe. Tiwiri tidakali momwemo.

Anakhala nthawi yaitali kuposa masiku onse. Akuti udzu wa shedi wayamba kudontha, Shafiki waika malata akale mbali imodzi. Anthu akubwera ndi njinga kudzafuna mbande za malalanje, akubwerera manja okha. Nthangala za mapeyala zimene Mayi Latifa anakwirira mu mchenga zaphulika zokha, palibe anaziuza.

"Adada, kuja kumazizira bwino. Ndinakhala pa benchi, minibasi ziwiri zinandidutsa."

Ndinamufunsa ngati mgolo uli ndi madzi, ngati chiswe sichinalowe m'mizati. Anayankha zonse. Atapita ndinatseka maso ndi kuyenda m'mizeremo.

Lachiwiri, 17 Disembala

Shuga 214, wakweranso. Adokotala akuti mtima ukakhala m'mwamba shuga amatsatira. Anandifunsa chimene chikundivuta. Ndinati palibe. Che Nasri anatsokomola mwadala.

Mvula tsiku lonse. Yochuluka chonchi imaoletsa polumikiza madzi akalowa. Ndaimbira Febby kuti auze Shafiki azisunthire mkati. Ndaimbanso kufunsa ngati wamuuza.

Lachisanu, 20 Disembala

Che Nasri atuluka. Anawamasula chigubu Lolemba, lero apita ndi ndodo, Mayi Aziza atasenza katundu. Anaima pa bedi langa.

"Ikagwira mundiuze. Ikapanda kugwira mundiuzenso, musakhale nazo m'mimba ngati mwala. Golosale yanga ndi ya chitseko chobiriwira."

Pabedi pawo abwera bambo wina wa ku Sangilo, msodzi, injini ya boti inamupweteka dzanja. Salankhula. Tsopano ndamva mmene anthu amamvera akakhala ndi ine.

Loweruka, 21 Disembala

Shuga 176. Kachiwiri kafa. Febby anati kanachita nkhungu yoyera, atakagwira kanasololoka.

Katsala ka mu chidebe. Kapepala kachita nthunzi mkati, sakuona bwino. Anafuna kuvundukula, ndinamuletsa. Mphepo ikalowa msanga kamauma.

"Adada, kakafa ndiye kuti ndapha ndine."

"Yayi. Mtengo unagwa ndi mphepo."

"Musandinyengerere."

"Sindikukunyengerera. Ndikanakuuza."

Anandisendera nthochi yowiritsa, tinadya.

Lachitatu, 25 Disembala

Khirisimasi. Amayi a mvano anabwera kudzaimba, anagawa sopo. Esime ankaimba mawu achiwiri. Ndinayang'ana kuzenera mpaka anamaliza.

Sindingathe kukhala, sindingathe kugona. Ndayenda ndi ndodo mpaka kumapeto kwa khonde. Kuseri kwa khitchini wina anabzala mapapaya mothinana kwambiri. Ndinafuna kuuza munthu, panalibe womuuza.

Lachisanu, 27 Disembala

Shuga 162. Bala latseka mbali yaikulu. Anditulutsa. Ndizikatsukitsa ku chipatala chaching'ono cha kwathu, kubwera kuno pakatha milungu iwiri. Insulini ndizidzibaya ndekha, andiphunzitsa pa ntchafu. Nsapato zotseka nthawi zonse, ngakhale popita kuseri. Anesi Ireen anawerenga zakudya: tiyi wopanda shuga, kondowole pang'ono, masamba ambiri, zipatso zotsekemera kagawo kochepa basi.

Ndigona kwa Febby. Akuti mawa ndipume. Ndamuuza kuti ndikapumira ku Mlare.

Loweruka, 28 Disembala

Tinakwera minibasi, anandipatsa mpando wakutsogolo chifukwa cha phazi. Mpunga wayamba kubiriwira m'madambo. Kuchokera pa siteji kukafika ku nazale ndi pafupi, koma ndinapuma kawiri.

Mayi Latifa abwera, amayi awo apezako bwino. Tinawapeza akudzaza machubu, manja akuda ndi manyowa. Nazale ili mbee, mizere yambiri yopanda kanthu, koma ayamba kale ina. Fungo lake ndi lomwe lija.

"A Zebedee! Mwaonda. Chala chija mwasiya kuti?"

"Asunga a boma."

Anandikhazika pa benchi, phazi pa thumba la mchenga. Febby anabweretsa chidebe, kuchiika patsogolo panga, iye n'kuima kumbuyo kwanga. Mayi Latifa anagwada, kuyang'ana mamangidwe.

"Anamanga ndani apa? Ngati mtolo wa nkhuni."

"Ndine," anatero Febby.

"Sindinakhudze, ndimadikira eni ake. Ndivundukule?"

Ndinagwedeza mutu. Anakoka kapepala pang'onopang'ono.

Kamtengo kadakali kobiriwira. Kunsonga kwatuluka timasamba tofiirira, tofewa, tolendewera ngati tonyowa. Diso lina m'munsi latupa.

Febby anandigwira paphewa, zala zake zinandipweteka. Mayi Latifa anadzuka, kukatenga keni, kuthirira m'mbali mwa chidebe, ngakhale dothi linali lonyowa kale.

"Isachoke muno mpaka masamba akhwime," anatero. "Ndipo iwe mtsikana, chotuluka pansi pa mfundo yakoyi uzibudula. Cha pamwamba usakhudze, ngakhale chipindike bwanji."

"Ndamva, mayi. Idzabereka liti?"

"Zaka zitatu, zinayi. Mulungu akalola."

Ndinati pofika nthawi imeneyo kaya ndidzakhalapo, ndipo ngakhale ndidzakhalepo anesi andiletsa, kagawo kochepa basi.

"Ndidzadya ine, Adada," anatero Febby. "Inu muzidzasenda."

Mvula inayamba kugwa pa malata a Shafiki. Mayi Latifa anatikankhira mulu wa machubu opanda kanthu ndi beseni la dothi, akuti pano palibe wokhala chabe. Tinadzaza mpaka inakata.